Kodi Mumadziwa? Mawu Amasalala Ngati Miyala ya mu Runde

Kodi mumadziwa kuti mukati "ndidzapita" mumakhala mutatchula kubwera ndi kupita pakamodzi? Kachidutswa ka -dza- kamene kali pakatipo ndi mneni wakale uja, kudza, amene timamumvabe agogo akamati "mlendo wadza" kapena akamaitana ana kuti "idzani kuno". Poyamba munthu ankadza ndi miyendo yake kudzachita chinthu. Patapita mibadwo miyendo inachokapo, n'kutsala nthawi yokha, pakuti chimene chikudza ndi mawa. Lero palibe khutu limene limamva kutsutsana mu "ndidzapita", ndipo palibe mphunzitsi amene angakudulireni malikisi chifukwa cha mawuwo.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa cha zomwe ndinamva tsiku lina pa renki ya mabasi ku Mandava, m'tauni ya Zvishavane. Gogo wina wachimuna, wa m'gulu la ana a anthu aja anachoka ku Nyasaland kudzakumba asibesitosi, ankakalipira mdzukulu wake. Mtsikanayo anali atayankha m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona ndi Chingerezi, ndipo gogoyo anati, "Iwe, Chichewa chakocho n'chothyoka, ndi bwino ungokhala chete." Mwanayo anakhaladi chete. Zinandipweteka mumtima, chifukwa chiyankhulo chimene gogoyo ankachiteteza nachonso chinamangidwa ndi mawu othyoka, ofupika ndi osalala, monga mmene zilili ziyankhulo zonse pansi pano.

Kodi mumadziwa kuti zimene zinachitikira kudza zinachitikiranso Angerezi ndi mneni wawo wa kupita? Zaka za m'ma 1400 zisanafike kumapeto, "going to" ankatanthauza kunyamuka ulendo weniweni. Pofika m'ma 1600 mawuwa anali atayamba kusonyeza zam'tsogolo ngakhale munthu sakusuntha phazi. Lero Mngerezi amati "I am going to stay", kutanthauza kuti akhala pompo, ndipo akafulumira pakamwa pamangotuluka "gonna". Koma taonani chodabwitsa chake: "gonna" sangalowe pamene pali ulendo weniweni. Wopita ku Gweru sanganene kuti "gonna Gweru". Mawuwa amafupika pokhapokha atasiya ntchito yawo yakale.

Ife tinasankha kubwera, Angerezi anasankha kupita, ndipo tonse tinakathera ku mawa lomwelo.

Kodi mumadziwa kuti Amandebele anayenda njira yathu? Mu "ngizahamba", kutanthauza "ndidzapita", -za- ndi mneni wawo ukuza, kudza komweko. Ku Lusaka nakonso -dza- wathu anapepuka n'kukhala -za-, ndiye chifukwa chake m'minibasi za kumeneko mumamva "nizabwela".

Kodi mumadziwa kuti akatswiri anakupatsa dzina kusintha kumeneku mu 1912? Anali Mfalansa, Antoine Meillet, amene analemba za mmene mawu odziimira paokha amasandukira tizidutswa ta galamala, ndipo m'Chingerezi dzinalo limamveka kuti grammaticalization. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti umboni wochuluka wa phunziroli unachokera kuno ku Africa. Mu 1984 Bernd Heine ndi Mechthild Reh, a ku Germany, anatulutsa buku lathunthu la mmene zimenezi zimachitikira m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo linathandiza kudzutsanso phunziro limene linali litazirala. Ine ndikafuna kulifotokoza kwa mwana ndimangomupatsa mwala wa mumtsinje wa Runde. Unagumuka kuphiri uli ndi nsonga, koma madzi anaugubuduza mpaka unasalala n'kuchepa. Mawu amene amagubuduzika kwambiri m'kamwa ndiwo amasalala msanga.

Kodi mumadziwa kuti "ndikupita" ndi mawu awiri amene anamatana? Kale kunali "ndili kupita", ngati mmene munganenere kuti ndili ku munda kapena ku chigayo, ntchito n'kumaonedwa ngati malo amene munthu alipo. Kenako kunabwera "ndilikupita" ndi "ndilinkupita". Tsegulani Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, mudzaona kuti -li- uja adakali m'malo mwake tsamba ndi tsamba. Lero ku Lilongwe ndi ku Blantyre -li- anagwa, ndipo -ku- yekha ndiye wasenza katundu yense. Tsono mverani Chishona cha ku Mandava: "ndiri kuenda". Ashona akadali pa siteji imene ife tinadutsapo. Choncho mwana wa ku Mandava akati "ndili kupita", mwina Chishona ndicho chikumukoka lilime, koma chikumukokera kubwerera kumene Chichewa cha azigogo ake chinali pamene ankawoloka Zambezi. Amene akumunena kuti akuthyola chiyankhulo ayambe amvetsera bwino.

Chingerezi nachonso chinali ndi kamangidwe konga kameneka. Munthu wopita kosaka ankanenedwa kuti ali "on hunting", ndipo "on" uja anafupika kukhala "a-hunting", kenako anazimiririka m'chiyankhulo cha masiku onse.

Kodi mumadziwa kuti mgodi wa Shabani unayamba kutulutsa asibesitosi mu 1916, njanji n'kufika mu 1928, ndipo tauniyi inatenga dzina la Zvishavane mu 1982? Pakati pa zaka zimenezi m'makomboni munadzaza anthu a malilime osiyanasiyana: Akaranga eni dera, Amandebele, Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Atonga ochokera ku Nyasaland, anthu a ku Tete, a ku Fort Jameson. Ena anabwera okha wapansi, ena anatengedwa ndi chibalo, ena ndi bungwe la Mthandizi. Pansi pa nthaka, pamene kusamvana kwa mawu amodzi kukanatha kupha munthu, panafunika chiyankhulo chimodzi, ndipo chinali Chilapalapa.

Pano ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa Chilapalapa chimaonetsa m'zaka zochepa zimene ziyankhulo zina zinachita m'zaka mazanamazana. Chinachokera ku Fanakalo, chimene chinabadwira ku Natal m'zaka za m'ma 1800 n'kukulira m'migodi ya Kimberley ndi Johannesburg. Mawu ake ambiri ndi a Chizulu, koma mafupa a chiganizo anatsata Chingerezi. Magulu onse a mayina, amene Chizulu ndi Chichewa zimanyadira, anasesedwa. M'Chizulu "lo" ndi mawu olozera, monga "uyu" wathu, ndipo amayenda ndi magulu ena a mayina okha. M'Chilapalapa "lo" anangokhala patsogolo pa dzina lililonse, kaya ndi munthu, fosholo kapena ngolo, n'kuyamba kugwira ntchito ya "the" wa Chingerezi. Mawu akuti "lapha", kutanthauza "pano", anasanduka "lapa" wonyamula ntchito imene ife timagawira pa-, ku- ndi mu-, ndipo ankamveka pafupipafupi mwakuti chiyankhulo chonse chinatchedwa ndi dzina lake. Zam'tsogolo zinasenzedwa ndi "zo", monga mu "mina zo hamba", ndipo "zo" ameneyu ndi mdzukulu wa ukuza yemwe uja. Ndiye kuti kapitawo wokalipa pansi pa mgodi ndi mkulu wopemphera m'Chichewa Lamulungu ankamanga mawa lawo ndi mneni mmodzi.

Sindikuchikometsera Chilapalapa. Chinali chiyankhulo cholamulira ndi kunyozera, chimene bwana ankayankhulira munthu wamkulu wa ana asanu ngati kamnyamata, ndipo m'pomveka kuti ambiri amene anachimva pamsana pawo safuna kuchimvanso. Koma amene anachisula tsiku ndi tsiku anali azigogo athu omwewo, ndipo mmene anachisulira ndi mmene nzeru za munthu zimasulira galamala kulikonse.

Kodi mumadziwa kuti "the" yemweyo anayamba ngati "lo"? Anali mawu olozera m'Chingerezi chakale, m'bale wake wa "that". Nayenso "a" ndi "an" ndi "one" wofupika. Kunali nthawi imene Chingerezi chinalibe timawu timeneti m'ntchito imene tili nayo lero, tomwe ana athu amavutika nato pa mayeso.

Kodi mumadziwa kuti "will" ankatanthauza kufuna, "shall" ankatanthauza kukhala ndi ngongole, ndipo "can" ankatanthauza kudziwa? Onse atatu anali aneni athunthu m'Chingerezi cha zaka 1,000 zapitazo. Wofuna chinthu amachichita, wangongole ayenera kubweza, wodziwa ntchito amaitha, ndipo m'njira zimenezi anatsetserekera kumene ali lero. Ife tinatenga kutha. Ufa umatha, msonkhano umatha, koma "nditha kubwera" alibe chilichonse chimene chikutha. Amene amafikitsa ntchito kumapeto ndiye amene amaitha, basi tanthauzo linadumphira pamenepo.

Aswahili anachita ndendende ngati mmene Angerezi anachitira ndi "will". -ta- wa mu "nitakwenda" ndi kutaka, kufuna.

Kodi mumadziwa kuti "not" anali mawu atatu otanthauza "palibe kanthu ngakhale kamodzi"? Angerezi akale ankakana ndi kamawu kakang'ono, "ne", patsogolo pa mneni. Kanali kopepuka kwambiri, ndiye pofuna kutsindika anayamba kuwonjezera "nawiht" pambuyo pake. M'nthawi ya Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, kukana kawiri ngakhale katatu m'chiganizo chimodzi kunali Chingerezi chabwinobwino cha anthu ophunzira. Kenako "ne" anafa, mlendo uja n'kutsala ndi nyumba atafupika kukhala "not", ndipo lero nayenso wafika pa "n't". Otto Jespersen wa ku Denmark anafotokoza kuzungulira kumeneku mu 1917. Lamulo loletsa kukana kawiri, limene ambiri tinalidyera zikoti kusukulu, linakhazikitsidwa mochedwa, m'zaka za m'ma 1700, ndi olemba mabuku a galamala onga Robert Lowth, amene buku lake linatuluka koyamba mu 1762. Afalansa nawo "pas" wawo wokanira ndi mawu otanthauza phazi limodzi la poyenda: "sindiyenda ngakhale phazi" anafalikira mpaka ku kudya ndi kugona.

Kodi mumadziwa kuti "do" wa m'mafunso ndi mlendo wa posachedwapa? M'masiku a William Shakespeare, amene anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616, munthu ankatha kunena "I know not" kapena "I do not know", zonse zili zolondola. Alvar Ellegård wa ku Sweden anawerenga ziganizo zikwizikwi za m'mabuku akale n'kuonetsa mu 1953 mmene "do" anakwerera mofulumira m'zaka za m'ma 1500, kuyambira m'mafunso, mpaka pofika cha m'ma 1700 atatsala pang'ono kulanda malo onse m'mafunso ndi m'ziganizo zokana.

Nayenso "its" ndi wamng'ono. Baibulo la King James la 1611 silinamugwiritse ntchito.

Ndipo "the house is being built", chiganizo chimene lero palibe angachitsutse, chinayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo akuluakulu a galamala a m'ma 1800 anachinyoza kuti n'chonyansa. Iwo ankafuna "the house is building". Gogo wa pa renki uja ali ndi anzake ku London.

Kodi mumadziwa kuti "kuti" ndi mneni? Ndi kuti kwa "ndati", "wati", "anati". Poyamba ankatsegulira mawu amene munthu watulutsa pakamwa. Lero timati "ndikuganiza kuti", "ndinaona kuti", "limbikira kuti ukhoze", pamene palibe amene wayankhula kanthu. Timafika ponena "anati kuti" osamva kuti tabwereza. Ashona ali ndi "kuti" yemweyo, Amandebele ali ndi "ukuthi", ndipo pa mawu amenewa anthu a m'komboni sankasowa womasulira. Kuchokera pa tsinde lomweli tinaphukitsanso "akuti", kamawu kamene timadzitchinjiriza nako tikamanena nkhani yongomva: "akuti mgodi utsegulidwanso". Ku Zvishavane, kuyambira pamene mgodi wa Shabani unagwa, ndi mawu ochepa amene agwira ntchito yolemetsa ngati "akuti" ameneyu.

Kodi mumadziwa kuti "ndiye" ndi munthu? Ndi "ndi" kuphatikiza "iye": uyu ndiye mfumu. Koma mverani munthu akamasimba nkhani: "ndiye tinafika, ndiye mvula inayamba, ndiye tinabisala." Iye uja anasowa, kunatsala ulusi wosokera ziganizo. Ku Zimbabwe "manje", amene kwawo ku Chindebele ndi Chizulu amatanthauza "tsopano", wagwira ntchito yomweyo m'Chishona cha m'tauni, ndipo ana a Achewa kuno amamulowetsa pamene agogo awo akanati "tsono". Koma "tsono" naye anayenda ulendo womwewo, kuchoka pa nthawi kukakhala mlumikizi.

"Popeza" ndi kupeza. "Kufikira" ndi kufika, monga "kusvikira" wa Ashona ali kusvika. "Kuposa" ndi kupitirira mnzako, ndipo Ashona amayerekeza ndi "kupfuura", kupitirira komweko. "Mpaka" m'Chiswahili ndi malire a munda kapena dziko. "Pamaso pa mfumu" pali maso, "kumbuyo kwa nyumba" kuli mbuyo, ngakhale nyumba ilibe msana. Angerezi nawo -ly wa mu "slowly" anali mawu akuti "lic", thupi.

Kodi mumadziwa kuti Angerezi anali ndi "iwe" ndi "inu" wawo? Iyi ndiyo imandikhudza kwambiri. "Thou" anali iwe, wa munthu mmodzi. "Ye" ndi "you" anali inu, wa anthu ambiri. Kuyambira cha m'ma 1200, potengera Afalansa amene chiyankhulo chawo chinalamulira nyumba zachifumu za ku England kuchokera mu 1066, anthu anayamba kuitana wamkulu mmodzi ndi mawu a ambiri, ndendende ngati mmene ife timanenera "inu amayi", "mwadzuka bwanji agogo", kapena mmene Ashona amanenera "imi" ndi "makadii". Ulemuwo unakula mpaka "thou" anayamba kumveka ngati chipongwe. Akhristu a mpingo wa Quaker anakana kumusiya, ponena kuti pamaso pa Mulungu palibe munthu mmodzi woyenera kuitanidwa ngati gulu, ndipo George Fox ndi anzake anasindikiza buku mu 1660 loteteza zimenezi. Ena anamenyedwa chifukwa chouza akuluakulu kuti "thou". Sizinathandize. Pofika m'ma 1700 "thou" anali atachoka m'Chingerezi cha m'tauni, n'kutsalira m'midzi ina ya kumpoto kwa England ndi m'mapemphero. Ndiye chifukwa chake lero amamveka ngati mawu aulemu waukulu, pamene kwenikweni anali mawu oyankhulira mwana kapena bwenzi la pamtima. Ife tinapita kwina: Mulungu timamuti Inu.

Atataya "thou", Angerezi anapezeka kuti alibe njira yosiyanitsira mmodzi ndi ambiri, ndipo anayamba kumanganso. Kummwera kwa America kuli "y'all", ku Ireland ndi ku Scotland kuli "yous", kuno kwathu kuli "you people". Nditafika apa ndimayamika kuti "iwe" ndi "inu" wathu onse ali moyo, ndipo ndaona kuti ngakhale mwana wa m'komboni ya Maglas kapena ya Kandodo amene Chichewa chake chatsala cha moni wokha salakwitsa pamenepa. Kwa agogo amati inu. Chishona chamuthandiza kusunga zimenezo.

Kodi mumadziwa kuti buku la galamala ya Chichewa limene Mark Hanna Watkins anatulutsa mu 1937 linachokera pakamwa pa munthu wa paulendo? Watkins anali pa yunivesite ya Chicago, ndipo amene ankamuuza mawu anali wophunzira wina wa ku Kasungu, Kamuzu Banda, amene anachoka kwawo ali mnyamata, n'kugwirako ntchito pa chipatala ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, asanapitirire ku South Africa. Pamene ankakhala pansi ndi Watkins n'kuti atatha zaka zoposa khumi ndi zisanu osaponda kwawo. Chichewa cha mtchona chinakwanira kulembedwa m'buku la ukachenjede.

Kodi mumadziwa kuti malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka? Chili pa ndime 6, ndipo pa mndandandawo ndicho choyamba kutchulidwa. Mwana wa ku Mandava amene amachita manyazi kuyankhula Chichewa pagulu, poopa kutchedwa mayina onyoza aja amene ana a Amalawi akhala akutchedwa kuno, ayenera kuuzidwa zimenezi, ndipo woyamba kumuuza akhale wa m'nyumba mwake. Chimene ndimaopa ine si "manje" kulowa m'malo mwa "tsono". Ndimaopa kukhala chete kuja kwa mtsikana wa pa renki.

Kodi mumadziwa kuti pali mneni wina amene akusalala panopa, ife tikumva? Ndi kufuna. Mwana amafuna nsima, wogwira ntchito amafuna malipiro ake, izi n'zomveka. Koma timanenanso kuti "khoma likufuna kugwa", "mkaka ukufuna kuwira", "agogo ankafuna kukomoka". Khoma lilibe mtima woti lifunire kanthu, ndipo palibe amene amalakalaka kukomoka. Apa kufuna kwayamba kutanthauza kutsala pang'ono, sitepe yoyamba ya njira imene "will" ndi kutaka anadutsamo. Achinyamata ayamba kale kudula mawuwo, mumawamva akuti "ndufuna" m'malo mwa "ndikufuna". Mukadzakhala m'bwalo la Mandava tsiku lina la Novembala, timu ya mpira ya FC Platinum ikusewera, mitambo yakuda itaunjikana cha ku Mberengwa, tcherani khutu. Wina kumbuyo kwanu adzati "mvura yava kuda kunaya", ndipo wina pambali panu adzati "mvula ikufuna kugwa".